Kankhokwe ka Mkamwini

Chaka chimene dzuwa linapsereza chimanga chisanamasule ngayaye, sekondale yathu yoyendera ya kufupi ndi Kalembo inalandira katoni. Munali mu Novembala. Ana ena anathamangira galimoto ija mpaka pakhomo pa ofesi poganiza kuti ndi ufa, koma m'katonimo munali timagudumu tinayi, timamota tiwiri, mawaya amitundumitundu, batire, kabokosi kobiriwira komwe ankati ndiye ubongo wake, ndi kathumba ka chimanga. Bungwe lina la ku Blantyre ndilo linatumiza makatoni otere ku sukulu zingapo za ku Balaka ndi Machinga, ati ana apange loboti yodzala chimanga, kenako mu Febuluwale akapikisane ku Liwonde. Mutu wa mpikisanowo unali wakuti "Tidzale Mwanzeru." Aphunzitsi enafe tinangoseka chamumtima. Anthu akugonera mango aawisi ophika, wina ali pa mpando wa ndalema ku Blantyre akuti tidzale mwanzeru.

Koma mphoto yake sinali yoseketsa. Sukulu yopambana inali yoti idzalandira ufa wa phala wokwanira ophunzira onse, tsiku ndi tsiku, mpaka chimanga cha m'munda chitacha. Kungomva zimenezo, ngakhale ife osekafe tinatseka pakamwa.

Ntchitoyi inagwera Madamu Bernadetta, mphunzitsi wa sayansi, mayi wamfupi wolankhula ngati akukalipa ngakhale pamene akukuyamika. Anasankha ana atatu a Folomu 4. Mwanahawa anamupatsa laputopu, chifukwa ndiye yekha amene ankatha kukangana nayo mpaka imvere. Yotamu, mwana wa munthu wokonza njinga, anatenga za magudumu ndi mawaya. Wachitatu anali Sitima, mnyamata wamtali, wosayankhulayankhula, amene masamu ankamukonda monga mmene ntchentche zimakondera bango la mango. Iye anapatsidwa mbali yovuta kwambiri, yoti lobotiyo izigwetsa njere imodzi yokha pa phando lililonse.

Sitima anadula kachigubu ka mafuta ophikira, nakakhazika chozondoka pamsana pa loboti. Kameneko ankakatcha kankhokwe. Pansi pake anaikapo kagudumu kosema kuchokera ku patapata yakutha, kokhala ndi kabowo kolowa njere imodzi. Kagudumuko kakazungulira, njere imalowa m'kabowo, n'kutsika ndi kapaipi mpaka pansi. Loboti inkayenera kutsatira mzere wakuda wojambulidwa pa simenti, kuima pa chizindikiro chilichonse, kugwetsa njere, n'kupitirira. Dzina anaipatsa ndi Yotamu. Anati chinthu cholima m'munda wa eni popanda kudandaula, chosafunsa n'komwe kuti nsima ipsa nthawi yanji, sichingakhale china koma Mkamwini. Dzinalo linakakamira, moti ngakhale ahedi ankafunsa pa asembule kuti Mkamwini wadzuka bwanji.

Masiku oyamba Mkamwini anali wamwano. Ankati akauzidwa kuti apite kutsogolo, iye n'kubwerera m'mbuyo. Tsiku lina anasiya mzere n'kulunjika pakhomo ngati wakumbukira kwawo, Yotamu n'kunena kuti akuluakulu sananame, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwanahawa ankakalipira laputopu m'Chiyao, Madamu ankakalipira Mwanahawa m'Chingerezi, Sitima ali phee m'ngodya akupala patapata yake ndi lezala. Tinkamvanso mbiri za anzathu. Ati sukulu ina ya mishoni ya ku Machinga inapeza munthu wowotcherera zitsulo wowathandiza, ina ya ku Liwonde konko ili ndi malaputopu asanu. Madamu ankati zimenezo n'zawo, ife tili ndi mitu.

Pofika Januwale njala inasiya kuchita manyazi. Mvula inagwa, chimanga m'minda chinamera bwino, koma chimanga chobiriwira sichilowa m'poto. Ganyu anasowa, chifukwa olemba ganyu nawonso analibe choti alipire. Madeya amene kale tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha alendo. Kumidzi ina anthu ankawiritsa chitedze tsiku lathunthu, kutaya madzi kangapo kuti chisawaphe. M'makalasi mipando inayamba kukhala yopanda eni, ndipo otsalawo ankawodzera dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo.

Kwa Sitima zinthu zinali zothina kuposa kwa anzake awiri aja. Bambo ake anapita ku Joni kalekale, foni yawo inasiya kugwira. Mayi ake, Abiti Sufiyani, anatsala ndi ana anayi, Sitima ndiye wamkulu. Tsiku lina amjomba ake a Umar, asodzi a ku nyanja ya Chiuta, anatulukira pa njinga ndi kamulu ka matemba ouma, n'kunena kuti akumutenga mnyamatayo akawathandize kukoka maukonde. Kumeneko azikadya, ndipo nthawi zina azitumiza kansomba kwa mayi ake. Pa chikhalidwe cha kuno mjomba akanena, wanena. Ndipo tonse tinkadziwa kuti mwana akapita kunyanja sabwereranso m'kalasi, ngakhale mayeso atatsala miyezi yochepa chotani.

Madamu atamva, anabwereka njinga ya ahedi n'kupita kwawo kwa Sitima. Anawapeza a Umar atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango umene ana anali atauyeretsa kale. Sanali munthu woipa ayi. Anali wowonda ngati wina aliyense, ndipo anawalandira Madamu mwaulemu. Madamu anafotokoza za mayeso, za nzeru za mwanayo, za mpikisano ndi phala lija. A Umar anamvetsera mpaka kumapeto.

"Madamu, zonse mwanenazi n'zabwino," anatero. "Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phala lanulo lili ku Liwonde. Nsomba zanga zili m'madzi, ndimaziona ndi maso."

Abiti Sufiyani, amene ankamvetsera ali pakhonde, ndiwo anadula nkhani. Anapempha achimwene awo kuti adikire mpikisano udutse. Phala likabwera, ndiye kuti pakamwa pamodzi pazidyera ku sukulu, mwana atsale alembe mayeso. Likapanda kubwera, amutenge, iwo sadzanenanso kanthu. A Umar anagwedeza mutu, nati Inshaallah, adzabweranso tsiku lotsatira mpikisanowo. Kuyambira pamenepo aliyense pasukulu ankadziwa kuti Mkamwini wasenza sukulu ya Sitima pamsana.

Sabata yotsatira, ana aja akuyeserera masana ataweruka, Sitima anawerama kuti atole njere, osadzukanso. Anangotsamira khoma n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi. Atamupatsa madzi n'kutsegula maso, ananena kuti si kanthu, wangoona chidima. Madamu anamufunsa kuti wadya liti komaliza, iye n'kuyang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa pa malata.

Kunyumba kwa Madamu nakonso kunali ana a abale awo odzaza nyumba, thumba la ufa linali litagona kale chafufumimba. Anayang'ana kathumba ka chimanga choyeserera kaja, anayang'ana mnyamata uja, kenako anatuma Yotamu kuti akatenge phale ndi nkhuni kuseri kwa nyumba yawo. Anatapa chimanga chodzaza manja awiri n'kuchikazinga pomwepo, kuseri kwa kalasi ya sayansi.

Sitima anakana. Anati chimenecho n'cha Mkamwini.

"Mkamwini sadya," anatero Madamu. "Iwe umadya. Tafuna, usandichedwetse."

Kuti asachite manyazi, onse anakhala mozungulira phale lija n'kumatola. Koma amene anali ndi maso akanaona kuti Mwanahawa ankatafuna njere imodzi ngati chingamu, ndipo Yotamu ankalongolola nkhani zambirimbiri kuti pakamwa pake paoneke potanganidwa. Chambiri chinkathera mbali ya Sitima. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka chinangokhala chizolowezi, kuti asanalumikize batire ayambe asonkha moto. Palibe amene anawadzudzula. Ahedi ankadutsa pomwepo akuyang'ana kumbali, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kathumba kaja kanaphwa, kanaphwa, mpaka Madamu anati basi, zotsalazi tisakhudzenso. Zinali njere zongokwana m'dzanja limodzi, ndipo ankazisunga m'kabotolo ka mafuta odzola. Ndi zimenezo anayeserera masabata onse otsala. Ankathira m'kankhokwe, Mkamwini akagwetsa imodzi, Sitima ali kale pambuyo pake chokwawa, kutola n'kubwezera. Chaka chimenecho panalibe mwana wa kuno amene akanatha kuona njere ya chimanga ili pansi n'kuisiya. Njerezo zinadutsa m'kapaipi kaja kambirimbiri mpaka zinayamba kunyezimira, Yotamu n'kumati akuzidziwa nkhope iliyonse, ina anaitcha dzina la agogo ake.

Ndipo Mkamwini anasintha khalidwe. Anayamba kuyenda mwaulemu ngati mkamwini weniweni pamaso pa apongozi, kuima pamene auzidwa, kugwetsa njere imodzi, osati ziwiri, kupitirira. Tsiku lomaliza anamuonetsa pa asembule, sukulu yonse inawomba m'manja, ena mwa ana anayamba kale kukambirana za makapu omwera phala. Ndinamuona Sitima akumwetulira tsiku limenelo, ndipo ndinasangalala ngati mwanayo ndi wanga.

Loweruka la mpikisano ndinapita nawo ngati woperekeza. Tinakwera minibasi pa Ulongwe, Yotamu atanyamula Mkamwini m'katoni yake ija. Holo ya ku Liwonde inali yodzaza ndi ana a mayunifolomu osiyanasiyana. Maloboti ena anali opaka penti, ena anali ndi timagetsi tothwanima. Wathu ndi kachigubu kake ndi patapata yake ankaoneka ngati wabwera kudzapempha ganyu, koma sitinachite naye manyazi, poti tinkadziwa ntchito yake. Masukulu oyamba atayamba, mitima yathu inakhala pansi. Sukulu ina loboti yake inkagwetsa njere zitatuzitatu, ina inasochera n'kukalowa pansi pa tebulo la oweruza.

Dzina la sukulu yathu litaitanidwa, Sitima anaika Mkamwini pa mzere n'kutulutsa kabotolo kake m'thumba. Mmodzi wa oweruza, bambo wa magalasi wankhope yabwino, anamuuza kuti abweze kabotoloko, chimanga apereka ndi iwo. Anatenga jagi n'kutapa m'ndowa, nayamba kuthira m'kankhokwe. Anathira, anathira, mpaka kanadzaza ndendende, n'kusalaza pamwamba ndi dzanja. Lamulo linali lakuti loboti iliyonse iyambe nkhokwe yake ili yodzaza, monga mmene zingakhalire m'munda weniweni. Zinalembedwa ndithu m'malamulo amene anabwera ndi katoni, ndipo Madamu anawerenga mu Novembala, kathumba kadakali kathunthu. Koma pofika Febuluwale palibe amene zinamubwerera m'mutu. Ndani chaka chimenecho ankaganiza za nkhokwe yodzaza?

Mwanahawa anadina batani. Mkamwini ananyamuka motsimphina, matako ali pansi, nafika pa phando loyamba n'kuima. Kamota kanalira, koma kagudumu ka patapata sikanazungulire. Kulemera kwa chimanga chonse chija kunali kutakapanikiza pansi. Anapita pa phando lachiwiri, kulira kokhakokha, njere osatuluka. Anamaliza mzere wonse wosadzala kanthu.

Malamulo ankalola kuyesanso kachiwiri pakapita kanthawi kochepa. Ana atatu aja anagwada mozungulira loboti. Nthawi yoti aganize bwino panalibe. Anagwirizana zomasula pang'ono bawuti yogwira kagudumu kaja kuti kapeze mpata wozungulira. Ulendo wachiwiri, pa phando loyamba panagwa njere imodzi, yoyera bwino, ndipo Madamu anandigwira mkono mpaka kuwawa. Pa lachiwiri inagwanso imodzi. Pa lachitatu kagudumu kanapendekeka, chimanga chonse n'kukhuthukira pansi kuti waa, Mkamwini n'kumapitabe patsogolo mokhulupirika, akusiya mchira wa chimanga pambuyo pake.

Ana ena anaseka, monga ana. Sindikuwaimba mlandu, zinalidi zoseketsa kwa munthu wosadziwa chimene chinali pamsana pa lobotiyo. Mwanahawa anatseka laputopu mwakachetechete.

Inapambana ndi sukulu ya mishoni ya ku Machinga ija, ndipo inapambana mwachilungamo. Nawonso ana ake anali owonda, phalalo silinapite kwa anthu okhuta. Koma pamene akuluakulu ankalankhula ndi kujambulitsa zithunzi kutsogolo, Sitima sanakhale pa mpando. Anapempha jumbo kwa mayi wina wogulitsa madzi pakhomo, n'kugwada pa simenti, nayamba kutola chimanga chimene Mkamwini anataya. Atamaliza chimenecho anapita pa mizere ya masukulu ena, pansi pa mabenchi, m'mbali mwa khoma, njere imodziimodzi. Bambo wosesa anabwera ndi tsache, naima, n'kubwerera nalo. Mtsikana wina wa sukulu yopambana ija, dzina lake Tasha, anasiya anzake akujambulitsa n'kudzagwada pambali pake kumuthandiza.

Kunena zoona, ine zinandipweteka, ndipo ndinachitanso manyazi, mwana wathu wa Folomu 4 akukwawa pamaso pa anthu onse aja. Yotamu anafuna kukamudzutsa, koma Mwanahawa anamukoka malaya.

"Musiye," anatero motsitsa mawu. "Kwawo kuli ana."

Tonse tinaganiza chomwecho, kuti chikaphikidwa kwa Abiti Sufiyani madzulo amenewo. Ndipo ndani akanamuletsa?

Pobwerera, Sitima anapempha kuti katoni anyamule ndi iye. Anakhala kumpando wakumbuyo kwenikweni, katoni pamiyendo, jumbo yake pambali. Madamu anayesa kunena kuti kulakwa n'kwawo, iwo ndiwo anayambitsa zokazinga zija, ndipo atapatsidwanso mwayi akhoza kukazinganso. Sitima anangoyang'ana pawindo, minda ya chimanga chobiriwira ikudutsa. Tili pafupi kufika pa Ulongwe ndi pamene analankhula, osayang'ana munthu.

"Tikanamuyesa ali wodzaza, tikanaona vutolo. Kungoika kadenga m'katimo kuti chimanga chisatsamire pa kagudumu, basi. Ndi ntchito ya tsiku limodzi."

Tonse tinamva chimene sananene, kuti chimanga choyesera chija chinathera m'mimba mwake.

Titafika pasukulu dzuwa linali litapendeka. Sitima anapempha kiyi kuti akasunge yekha katoni m'kabati ya m'kalasi ya sayansi. Anakhalitsako pang'ono, ife tikudikira panja. Atatuluka anapereka kiyi kwa Madamu ndi manja awiri, nati sikomo, Madamu, pa zonse. Anagwirana chanza ndi Yotamu, anagwedezera mutu Mwanahawa, n'kulowa kanjira ka kwawo, chikwama chake cha mabuku chili kumsana.

Lolemba mpando wake unali wopanda munthu. Ana ochokera kumudzi kwawo anati a Umar anafika Lamulungu m'mawa monga analonjezera, ndipo anaona awiriwo akupita pa njinga, Sitima ndiye akupalasa, amjomba ake ali pakaliyala. Abiti Sufiyani anasunga mawu awo, sananene kanthu. Madamu anaphunzitsa tsiku lonse osakalipira munthu, zimene zinawaopsa ana kuposa kukalipa.

Ataweruka, Madamu anaitana Mwanahawa ndi Yotamu kuti akachotse batire m'loboti, isawonongeke pokhala. Ine ndinali m'kalasi ya sayansi muja ndikufufuta bolodi. Yotamu anatsegula kabati n'kukoka katoni, ndipo anadabwa kuti ikulemera. Atatulutsa Mkamwini anapeza pakamwa pa kankhokwe pataphimbidwa ndi jumbo ija, yomangidwa bwinobwino ndi mphira kuti makoswe asalowe. Anamasula. Kankhokwe kanali kodzaza ndendende, kosalazidwa pamwamba monga anachitira woweruza uja. Chimanga chonse cha ku Liwonde chinali mmenemo, china chidakali ndi fumbi la pa simenti, ndipo pamwamba penipeni panali njere zonyezimira zija za m'kabotolo. Kwa mayi ake sanapite nayo ngakhale imodzi.

Mwanahawa anayamba ndi kukwiya. Anati Sitima ndi chitsiru, chitsiru chenicheni, abale ake akugona ndi njala iye n'kumadyetsa chigubu. Ananena zimenezi kawiri, kenako anakhala pansi pa simenti pomwepo nayamba kulira. Madamu anatembenukira kuwindo ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

Inali nthawi yomwe ija imene ankasonkha moto masiku onse, ndipo m'mimba mwa aliyense munkalira monga mwa masiku onse. Phale linali pomwe ankalisiya, kuseri kwa chitseko. Palibe analiyang'ana. Yotamu anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, anatenga lezala ya Sitima m'katoni muja, n'kufunsa Madamu ngati kunyumba kwawo kuli kachigubu kena koti adulepo kadenga.